Chikombole

Ku Oulu dzuwa la Disembala limangosuzumira
n'kubweza mutu ngati lalakwitsa khomo.
Ndili m'chipinda cha pamwamba, khofi wazizira,
ndikusema chikombole.

Malamulo enieniwo si anga.
Adzaumba ena, mwina usiku, tulo tili m'maso.
Ine ndimangokonza mphako zake:
apa dzina la nsanja, apa nambala,
apa osasiya popanda kanthu,
apa osapyola zana ngakhale utapsa mtima.

Netiweki yathu siifunsanso munthu.
Imaona, imayeza, imachita,
n'kutembenuka kuona chomwe yachita,
ngati galu wozungulira pogona pake,
kosaleka, usana ndi usiku.
Tinaifuna choncho. Tinadula keke
tsiku lomwe tinadzichotsa pakati.

Lachiwiri Tuulikki Rautio analowa osavula jekete,
chipale chikusungunuka pamapewa.
Anaponya pepala patebulo, chala pa mzere wachisanu.
"Nsanja ikakhala chete, igone pakatha makumi atatu.
Makumi atatu a chiyani, Eero?"

Ndinayang'ana mzerewo. Mzerewo unandiyang'ananso.
Wolemba lamulo ankanena mphindi.
Makina anamva masekondi.
Chikombole changa chinalandira zonse ziwiri
ndi manja awiri, mwaulemu.

Choncho nsanja ya pamsewu wa ku Pudasjärvi
inkaodzera pakangoti zii,
kupulumutsa magetsi monga tinaiuzira.
Lamulo lina linkati dzuka, ili linkati gona,
ndipo sindinasiye mphako yonena wamkulu ndani.
Mapanga awiri avumbwitsa,
koma wovumbwa sanali ine.

Anali Veikko Kärnä, woyendetsa galimoto yokankha chipale,
atagwera m'ngalande itadutsa 3 koloko usiku,
kuzizira kofika poumitsa mpweya pa ndevu.
Anavula gulovu kuti ayimbe.
Anayimba kasanu ndi kawiri.
Kenako anayenda wapansi kulondola nyali ya khola la ng'ombe.
Ali moyo. Zala ziwiri sizimvanso kanthu.
Sanadandaule kwa aliyense,
anangofunsa ngati foni yake ndi yokalamba.

Usiku umenewo pa sikirini pathu
nyali zonse zinali zobiriwira.
Chikomekome cha mkuyu.

Sabata ino ndakhala ndikuphwasula.
Nambala iliyonse tsopano imayenda ndi mfunda wake:
masekondi, mamita, mawati.
Lamulo lililonse linene malire ake,
linene lomwe lidzaligonjere akakumana pamlatho wopapatiza,
linene tsiku lake lakufa,
pakuti lamulo loiwalika limagwirabe ntchito
mwini wake atasamukira ku kampani ina.
Ndaikanso kachingwe kakang'ono:
makina akasintha maganizo katatu motsatizana,
aime, adzutse munthu.
Safunsa anadya phula,
ndipo uyu amadya mofulumira kuposa tonsefe.

Pansi penipeni ndawonjezera mphako ina:
"Ili likalakwika, avutike ndani?"

Tuulikki anaseka pang'ono, osati mwachipongwe.
"Makina sangawerenge zimenezo. Ndi mawu chabe."
Ndikudziwa, ndinatero. Si za makina.
A komiti akufuna ikhale yoti munthu atha kuilumpha.
Ndakana kawiri. Mwina kachitatu ndigonja.
Mawa m'mawa malamulo akale mazana anayi
adzakanidwa pakhomo, ndipo foni yanga idzalira
mpaka batire kutha.

Ndikupalasa njinga kubwerera ku Tuira,
matayala a misomali akulira pa madzi oundana.
Kutsidya kwa mtsinje nsanja ikuphethira diso lofiira.
Sindikudziwa ngati ili maso kapena ikulota.
Ndaima pamlatho, ndavula gulovu,
ndayimbira mlongo wanga popanda nkhani.
Wayankha kulira kwachiwiri.
"Kwagwanji?" Palibe, ndikumuuza, ndimangoyesa.
Ndikupitiriza kumvera mpweya wake pa foni
mpaka zala kuyamba kuluma.