Nambala 214

Ndimakolopa usiku
m'chipatala cha magalasi ku Sandton,
kumene ngakhale mpweya amauchapa usanalowe m'mphuno.
Wodwala kuno amagona ndi belu pafupi ndi chala.
Akalidina, nesi wafika
belulo lisanamalize kulira.
Dzulo ndinataya maluwa a mayi wina amene watuluka,
maluwa osayamba n'komwe kufota.

Tambala kulibe kuno, amatidzutsa ndi mahutala a minibasi.
Ndimavula yunifolomu
n'kuwoloka mlatho wa oyenda pansi kubwerera ku Alexandra.
Mphindi makumi anayi pa miyendo yangayi,
basi, dziko lasintha.

Achimwene anga a Feliyasi ndimawapeza ali kale pamzere,
bulangete kumutu, chisanu cha Juni chikuwatafuna makutu,
kabuku ka kuchipatala atakakulunga m'jumbo ya shuga.
Chifuwa chawo chimalira ngati chitseko cha dzimbiri.
Mlonda wawapatsa kapepala: 214.

Pawindo amafunsa chiphaso
asanafunse pomwe pakupweteka.
Kalalikiyo ndi wakuda ngati ine,
maso ali psuu ndi tulo,
ndipo fomuyo sanailembe ndi iye.
"Pepala lanuli linatha m'Malichi."
Achimwene akuti, "Koma chifuwachi sichinathe,"
n'kutsokomola umboni m'kansalu.

Bambo athu anafika kuno pa Wenela,
mano onse ali m'kamwa, dokotala atawamenya pachifuwa ngati dzungu
kuti amve ngati n'lokhwima.
Zaka khumi ndi zitatu pansi pa nthaka.
Golide anakwera kumwamba,
fumbi linatsala mwa iwo.
Lamulo la masiku amenewo linali ndi masikelo awiri:
mapapo a kapitawo wachizungu ankalemera nyumba ndi penshoni,
a bambo analemera tikiti yobwerera ku Dedza
ndi jekete limodzi.
Anakatsokomolera kwathu,
kuti maliro awo asadetse mabuku a kuno.

Akuti malamulo aja anawafufuta.
Sindikutsutsa.
Zikwangwani anazula, mabenchi tikukhalira limodzi.
Njoka anaipha, inde, anthu anavina,
koma mano inali itasiya kale m'mwendo.
Msewu waukuluwu sanauzule.
Makina ounikira m'chifuwa ali komwe kuli ndalama,
ndalama ili komwe anaigoneka kalekale,
ndipo sinatembenuke n'kamodzi komwe.

Dzuwa lafika paliwombo, aitana 160.
Mtsikana wapakati wakhala pansi, watsamira khoma,
akulankhula Chizulu ndi mwana amene sanabadwe.
Iyeyu chiphaso ali nacho, chobiriwira, chakwawo konkuno,
koma mzere wake ndi womwewu.
Tagawana naye buledi.

Folo koloko.
Nesi watuluka, mapazi atatupa m'nsapato,
wanena mosatiyang'ana:
dokotala ndi mmodzi, otsala mubwere Lachinayi.
M'dzanja la achimwene waikamo panado asanu ndi mmodzi
ngati akupepesa pamaliro.

Ndawagoneka, ndawafunditsa ndi chitenje changa,
ndawolokanso mlatho magetsi akuyaka.

Pakati pa usiku belu lalira m'chipinda chachisanu ndi chiwiri.
Bambo wina akufuna pilo wachiwiri.
Ndaima ndi chokolopera, ndikuwerenga chamumtima:
modzi, wiri, tatu...
Pa naini, nesi walowa.

Sindikuwada bamboyo.
Akudwaladi, ndawamva akubuula.
Ndangogwira m'thumba la yunifolomu
momwe muli kapepala kaja,
kofewa tsopano ndi thukuta,
ndipo ndapitiriza kupukuta pansi
mpaka nkhope yanga yaonekera.