Kadzuwa ndi Kamwezi

Loko wa pasitolo yanu, ababa, wachita dzimbiri
m'miyezi itatu yokha.
Ndamudontheza mafuta a makina osokera a amayi,
ndipo chitseko chitalira n'kutseguka
landichingamira ndi fungo lanu:
sipiriti, thonje, ndi sopo wofiira uja
munkasambira m'manja kakhumi dzuwa lisanafike paliwombo.

Ku Thondwe kuno zonse zili mmene munazisiyira.
Maminibasi a ku Limbe akulimbiranabe anthu pasiteji,
akabaza akutsamiritsabe njinga pakhonde panu,
ndipo mayi wa zitumbuwa uja amasuzumirabe pawindo
ngati mutulutsa mutu n'kumufunsa za bondo lake.

Pakauntala mwasiya kasupuni kowerengera mapilitsi.
Awiri, anayi, asanu ndi limodzi,
milomo yokha ikugwedera.
Ngakhale alowe abusa, simunkadzutsa mutu
mpaka mutakwanitsa makumi atatu.

Osadziwa kuwerenga munkawajambulira pa envulopu:
kadzuwa, m'mawa;
kamwezi, pogona;
kambale, muyambe mwadya kaye.
Dzuwa lanulo linkaoneka ngati kangaude,
ife ana tinkafa nalo chiseko,
koma kuchokera ku Namadzi mpaka ku Mayaka
palibe amene analisokonezapo.

Makani munali nawo, tisabise.
Wina akati, ndigulitseni makapisozi awiri okha,
inu: "Mankhwala si mtedza woti mulawe.
Onse, apo ayi kuchipatala."
Ankatuluka akung'ung'udza.
Dzina loti Makwinja linatsalira pachikwangwani,
pamsika munali a Dokotala Ayi.

Ndiye kabuku kakuda aka, ka m'dirowa yapansi,
munkatibisiranji?
Che Likaka, a malungo a mwana, adzapereka akagulitsa nandolo.
Abiti Mdoka, a mphumu, Juni, Julaye, Ogasiti.
Mlonda wa kusukulu, bandeji ndi jivi.
Dzina lililonse mwalidula ndi mzere,
pambali pake mwalemba kuti zatha,
koma ndalama sindikuziona paliponse.
Amayi awerenga masamba atatu n'kutseka.
"Malata a kuchipinda kwanu aja ndi amenewa," atero.
Aseka, kenaka apita kuseri kwa nyumba.

Ndimakumbukira kugogoda kwa pawindo usiku wa manda,
inu mukufufuza tochi, jekete pamwamba pa zogonera,
mvula yochokera kuphiri ikukunthani mpaka kumsewu.
Pobwera munkaima pakhomo pathu
kumvetsera ngati tonse asanu tikupuma bwino.

Lamulungu munkabwera ndi Fanta mmodzi.
Mmodzi, ana asanu!
Munkamuyeza m'kakapu ka mankhwala a chifuwa,
diso pamzere, kuti pasapezeke wodandaula.
Mpaka lero ndikamwa Fanta
ndimayembekezera kuti wina anene kuti yasama.

Gauni yanu yoyera ikadali pamsomali.
M'thumba mwake ndapeza envulopu ya dzina lanu,
mapilitsi a kuthamanga kwa magazi,
kadzuwa kojambula bwinobwino pakona.
Ndawerenga ndi kasupuni kanu: makumi atatu.
Osachokapo ngakhale limodzi.
Inu, ababa?
Inu amene munakalipira Thondwe yense
kuti mankhwala amafunika kumaliza?
Ndakhala pampando wanu ndili ndi mkwiyo,
koma woti ndimukalipire palibe.

Tsiku loika maliro kunabwera bambo wina wa ku Jali,
tambala atamumangirira pakaliyala.
Sitinkamudziwa.
Anatulutsa envulopu yakale, yofewa ngati nsanza,
nati mwana amene anamwa izi
pano akuphunzitsa ku Domasi.
Sanadikire chakudya. Anasiya tambala n'kupalasa.

Mashelefu tigulitsa, akuti pakhala saluni.
Ine ndatenga kasupuni ndi kabuku basi.

Dzulo mdzukulu wanu Tadala watentha thupi.
Pomulembera nthawi zomwera mankhwala
dzanja langa lajambula lokha kadzuwa.
Wayang'anitsitsa, maso ali ofiira,
n'kufunsa kuti, amama, kangaudeyu ndi wachiyani?