Lero Wovulala Ndine

Nélida wandipaka utoto wofiira pantchafu,
wandigoneka pamiyala m'mphepete mwa mtsinje wa Baker,
nati: mwendo wako wathyoka,
chipatala chili ulendo wa masiku atatu pa kavalo.
Usawauze chochita. Uzingobuula.

Ndabuula.
Mphepo ya ku Patagonia yandilowa m'khosi mwa jekete
ngati ndili nayo ngongole.

Abwera atatu akuthamanga.
Wina waiwala kundifunsa dzina.
Wina akuwerenga kugunda kwa mtima wanga mokweza
ngati akuwerenga nkhosa polowa m'khola.
Baldomero yekha ali duu.
Wathyola nthambi ziwiri za mtengo wa lenga,
wavula lamba wake wachikopa,
wamanga mwendo wanga wabwinobwinowu
pang'onopang'ono,
akumakhudza zala zakuphazi kuti amve ngati zikadali zofunda.
Kenaka wandiyalira chikopa cha nkhosa kunsi kwa msana,
poti Nélida anatiuza dzulo
kuti nthaka yozizira ndi mbala,
imaba kutentha kwa munthu iye akuyang'ana kumwamba.

Manja ake akunjenjemera.
Tonse tikudziwa, palibe wonena:
chaka chachisanu choopsa chija
anatsika phiri ndi mng'ono wake
atampingasa pachishalo,
zonsezi asanaziphunzire.

Nélida waimba wenzulo.
Zatha! Dzukani, khofi akuzizira.
Anzathu anyamuka akuseka, akupukuta matope m'mawondo.

Ine sindinadzuke.
Utoto ukuuma, ukukoka khungu.
Baldomero akadali chogwada,
zala ziwiri pamtsempha wa dzanja langa,
milomo ikugwedera,
akuwerengabe.