Msoko Wam'kati

Pa msewu wa Ki Lung mvula yagwa masiku anayi.
Wogulitsa mabatani pansipa watseka molawirira,
ndipo ine, Szeto Lai-kuen, pansi pa getsi limodzi,
ndatembenuza chikhoti chako, kunja kwakhala m'kati.

Nsalu yaubweyayi njamakani.
Ukaidula imayamba kutaya ulusi,
umodziumodzi, ngati munthu woulula monyinyirika.
Uisiye usiku umodzi wokha,
m'mawa upeza nyenyeswa pansi pa tebulo.

Unati, Amayi, ingodutsitsani pa makina omanga m'mphepete aja,
mphindi zisanu basi, adzaona ndani?
Sindinakuyankhe. Ndinali ndi mapini pakamwa.

A Tsui, amene anandiphunzitsa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu,
sankayang'ana kolala, sankawerenga mabatani.
Ankapisa dzanja m'jekete, maso ali chitsinzinire,
chala n'kumatsata msoko kuchokera m'khwapa kutsikira m'chiuno.
Chikakodwa penapake:
"Masula."
Liwu limodzi, ntchito ya tsiku lonse yapita.
Ndinawada zaka zitatu zathunthu.
Lero chala chawo chija chili padzanja langa.

Choncho ndatulutsa diresi langa laukwati, lofiira lija
limene njenjete zinayamba kulawa paphewa.
Sindinalidule motsata ulusi,
pakuti chodulidwa mowongoka sichidziwa kukhota.
Ndalidula mopendeketsa, timizere ta zala ziwiri m'lifupi,
poti chopendekera chimatanuka,
chimazungulira phewa osachita makwinya,
chimalola.

Kamzere pamwamba, nkhope kuyang'ana nkhope,
phazi la makina likuyenda monyang'ama.
Kenaka simbi, fuu! nthunzi m'magalasi,
ndipindire kuseri, silika akumbate bala la lumo.
Singano ibwerenso, iyende m'kangalande
momwe nsalu ziwiri zakumana,
momwe ulusi umamira osaonekanso.
Msoko wakumsana. Iwiri yam'mbali. Yam'mikono.
Pakhwapa lamanzere ndamasula kawiri,
maso anga si akale aja
ndipo silika amaterera ngati sopo wonyowa.

Hoi-ching, akuti kumene ukupitako
dzuwa limalowa anthu asanaweruke,
chisanu chimafunsa mafupa mayina awo.
Dzina la msewu wako wandilembera papepala,
lilime langa lalikana.
Ndege ndi Lachisanu. Lero ndi Lachiwiri.
Sitinakambe zambiri, iwe ndi ine:
iwe uli pafoni, ine ndili pa makina,
mpunga ukuzizira pakati pathu.

Kumeneko adzaona chikhoti chotuwa, chawamba,
cha mtsikana wodikira basi manja ali m'matumba.
Palibe adzafunse anasoka ndani.
Zili bwino. Msoko wabwino sudzitchula dzina.

Koma tsiku lina, m'chipinda cha lendi,
udzachivula utatopa,
udzachiponya pampando monga umachitira ndi zonse,
chidzagwa chagada, chidzatseguka,
ndipo mizere yofiira idzaonekera m'katimo,
kutsika kumsana, kukhota m'khwapa,
yosalala, yopanda kaulusi n'kamodzi komwe kolendewera.
Mwina udzalizindikira diresilo.
Mwina ayi. Unaliona pachithunzi chokha,
ndipo chithunzicho chinasuluka kalekale.

Sindikuti ubwerere.
Ndinadula ndekha, ndikudziwa kuti lumo silibwerera m'mbuyo.
Ndikungoti paliponse padulidwa pamafuna chophimba,
apo ayi pamayoyoka pang'onopang'ono,
mwakachetechete,
mpaka tsiku lomwe ukweza mkono kuimitsa basi
n'kumva phwee.

Mvula yayambanso. Wophika Zakudya pakona akukoka chitseko chake chachitsulo.
Kwatsala mpendero wapansi, ndidzasoka mawa ndi dzanja.
Kamzere kotsala ndakapinda kanayi,
ndakaika m'thumba lam'kati pamodzi ndi singano.
Usakataye poyesa n'kachinyalala.