Nsalu Yobweza Kuwala

Ndaziona anatsika basi Lachiwiri madzulo,
milomo itasweka kale ndi mphepo ya pa Lizulu.
Za mbuzi sanafunse.
Anangoti, Bambo, timalamba tonyezimira tija,
timene mumasokerera pa majekete a anyamata a kabaza,
tatsala tingati?

Ndinapalasa makina masiku awiri,
kalamba pa kalamba, msoko pa msoko,
mpaka inakwana nsalu yonga chitseko,
yotuwa ngati phulusa la dzana.
Ndikanaipachika pakhonde
sakanaifunsa mtengo ndi woledzera yemwe.

Kenaka anatenga tepi yanga.
Musaphethire, anatero,
nayeza kuchoka pa mwanadiso uyu kufika pa uyu.
Mamilimita makumi asanu ndi limodzi, kudza anayi.
Zaka zonsezi ndayeza ziuno za akwati,
mapewa a aphunzitsi, miyendo ya ana a sukulu,
ine wondiyeza panalibe.

M'bokosi la nsapato munali chinthucho.
Kanyali kochepa ngati nyemba,
timagalasi titatu tonenepa pamimba
tondondozana m'kapaipi,
ndi kalilole wopendekeka, wamitima iwiri:
kuwala kwina amakubweza, kwina amati dutsa.
Anandiveka pachipumi.
Chinandikoka mphuno ngati ngongole.

Apa ndiye ndinamuseka mwana wa ku koleji.
Sunaonepo njinga ya kachewere ikutsika ku Tsangano?
Thumba likalemera kutsogolo, mwini amagwa chamutu.
Ndinadula lamba wa thalauza lakale,
ndinasoka kathumba kumbuyo,
batire tinaikhazika pankhongo.
Mutu unaima.
Iye analemba m'kope mwake, osandiyang'ana.

Poyamba zinali ziwiriziwiri
ngati ndachokera kokachasu.
M'mbali mwake mitundu inkatayana,
kufiira uku, kubiriwira uko,
mizere yowongoka itapindika ngati nthiti za dengu.
Anamasula, anasuntha galasi lapakati
mpata wosakwana kukhuthala kwa chikhadabo,
anamanga, anamasulanso,
analuma mlomo monga ankachitira mayi ake
ulusi ukakana kulowa pa singano.
Tiyi anazizira kawiri.

Khoma lalaimu ndi lamiseche, anandiuza,
mukalipatsa kuwala limagawira aliyense wodutsa.
Koma nsalu yanuyi ili ndi timikanda tagalasi
tosaoneka ndi maso.
Cheza chikafika, sichisochera,
chimabwerera njira imene chadzera
kukagwa m'diso la amene wachituma.

Ndiye Loweruka, msika uli pakati,
kabichi ataunjikana mpaka tsidya la Mozambiki,
anati, Yang'anani tsopano.

Jekete.
Lathunthu, loyandama, lopanda mwini,
likutembenuka pang'onopang'ono pansalu yanga yonyansa ija.
Linadzimasula lokha misoko,
mkono uku, kolala uko, msana pakati,
chidutswa chilichonse ndi mzere wake wodulapo,
wowala kuposa choko.
Ndinatambasula dzanja kuti ndimve ngati ndi ubweya.
Chala changa chinaboola thumba
n'kusiya mthunzi.

A Gwaza ogulitsa anyezi anaima pakhomo.
Iwo ankangoona telala wokalamba,
chitsulo pamutu, akupapasa mphepo.
Anafunsa mwanayo motsitsa mawu
ngati ndayamba liti.
Ndinati bwerani muone, nayandikira,
anasuzumira paphewa panga, mpweya wa fodya m'khutu,
koma sanapeze kanthu.
Kuwalako kunkadziwa kwawo.

Wapita Lamulungu, bokosi lake pamiyendo.
Akuti likulemerabe,
akuti m'mbali simunafike poyera,
akuti mwina chaka chamawa, mwina kunja.
Nsalu wandisiyira, yakana kulowa m'chikwama.

Usiku nkhungu ikatsika m'phiri
malole a ku Dedza atasiya kubangula,
ndimazimitsa nyale,
ndimagunditsa tochi pachipumi, pakati pa nsidze,
n'kuyatsa.
Nsalu yonse imandiyankha, mbee,
ine ndekha.
Ndikasunthira tochi kumbali, imatuwanso.

Ndimayesa kawiri, katatu.
Mabatire akwera mtengo masiku ano.