Mizere Itatu

Ndalandira shifiti kwa Kamphinda nthawi ili teni koloko.
Wandisiyira kapu yosatsuka ndi mawu awiri:
"Zili bwino."
Kunjaku Dwangwa yense akununkha manyuchi opserera,
malole a nzimbe andanda mpaka kugeti,
madalaivala akuodzera pachiwongolero.

Ine wanga ndi bokosi lachitsulo ili
lomangidwa kukhoma ndi mabawuti anayi.
Limamva sikelo, malamba, kutentha kwa boyila,
n'kumalemba zonse, osafunsa kuti n'zandani.
Pasikirini pali mizere itatu.

Woyamba ndi wa purosesa.
Lole ikakwera pasikelo umadumpha,
kenako n'kutsika mwawefuwefu
ngati chifuwa cha wakabaza wamaliza chitunda.
Umenewu sundiopsa.
Wogwira ntchito sangalephere kupuma mothamanga.

Wachiwiri ndi wa memore.
Muli pulogalamu ina m'menemu
yotengera khalidwe la mlamu wanga:
kubwereka pang'onopang'ono, kubweza ayi.
Lolemba inali pa fote, lero sikisite-eyiti.
Ndalemba m'buku. Ndinalembanso sabata yatha.
Amene amawerenga bukuli sindinakumane naye.

Koma wachitatuwu,
wa disiki,
wafiira psuu.
Nayinte-seveni.
Ndiye "zili bwino" wa Kamphinda ameneyu.

Ikadzaza palibe chiphulike.
Chigayo chizingogubuduza mano ake,
sikelo iziyeza, koma polemba padzasowa.
Lole yachisanu pamzerepo ndi ya mayi Nachisale a ku Kasitu.
Chaka chathunthu cha kupalira ndi ngongole ya feteleza
chilowa m'makina ngati mphekesera,
n'kutuluka shuga wopanda mwini.

Ndatsegula mafayilo.
Mawu amodzimodzi, sekondi iliyonse, chiyambire Lachinayi:
lamba wachitatu sindikumuona,
lamba wachitatu sindikumuona,
lamba wachitatu.
Kasensa kamodzi kakhala kakudandaula usana ndi usiku,
bokosi langa n'kumasunga dandaulo lililonse
ngati kalaliki woopa bwana.

Tochi kumanja, chipewa cholimba kumutu,
ndatsika masitepe onjenjemera.
Che Ajibu a kuboyila akuwa m'phokosomo:
"Mwasochera, a kompyuta?"
Lambayo ali apo, akuyenda bwinobwino.
Kadiso kagalasi, kochepa ngati batani la malaya,
kamatidwa ndi fumbi la nzimbe losakanikirana ndi manyuchi.
Ndakalavulira, Mulungu andikhululukire,
ndakapukuta ndi mkono wa ovolosi.
Basi.
Zaka zitatu za kukoleji zathera pamenepo.

Pobwerera ndasamutsa madandaulo akale aja.
Nambala yayamba kutsika:
eyite,
sevente-wanu,
fifite-sikisi,
ndipo fani yomwe imalira ngati njuchi m'botolo
yatsitsa mawu.
Lole yachisanu yakwera pasikelo.
Purosesa yadumpha, yalemba, yatsika.
Mayi Nachisale ali m'tulo, sadzamva za usiku uno.

Folo koloko, maso ayamba kuyabwa.
Ndikanakhala ndi sikirini pachipumi
wina akanaona mzere wofiira:
fizi ya Mwatitha, lendi, mankhwala a bambo,
mawu amodzimodzi sekondi iliyonse.
Koma munthu alibe poonera,
mpaka tsiku lomwe wangoti zii pakati pa chiganizo.

Kukucha. Utsi wa chumuni wayamba kuoneka.
M'buku ndalemba tsamba lathunthu,
nthawi, manambala, dzina la sensa,
za memore ndadula mizere iwiri kunsi.
Kapu ija sindinatsuke.
Aipeza pomwe anaisiya.