Getsi la Pakhonde

Marlys ankagula maswiti mazana awiri.
Ine chaka chino ndawonjezerapo makumi atatu,
poti Halowini yatha anandithera eyiti koloko isanakwane
ndipo kamtsikana kovala ngati njuchi
ndinakapatsa paketi ya supu.
Kanandiyang'ana ngati ndakatukwana.

Lamulo la mu Msewu wa Tamarack silinalembedwe paliponse,
koma Duluth yense amalidziwa:
getsi la pakhonde likayaka, gogoda,
likazima, pitirira.
A Dvorak a tsidyalo alowa ntchito pakati pa usiku kuchipatala,
azimitsa zonse, atseka makatani,
koma belu lawo lalira kasanu ndi kawiri, ndakhala ndikuwerenga,
galu wawo mpaka wasasa mawu.

A Kowalczyk asiya mbale pamasitepe
ndi kapepala kaulemu: Tenga chimodzi chokha.
Mphindi khumi sizinathe, mbale ili mbee.
Pofika seveni ndi mbale yomwe yasowa.

"Switi kapena chipongwe!"
Mfiti zitatu, chigaza chimodzi, wozimitsa moto wachimfine,
onse avala majekete pamwamba pa zoopsa zawo
poti mphepo ya kuno siopa mzukwa.
Wozimitsa moto wati zikomo.
Chigaza chasuzumira m'thumba n'kunena kuti sichidya za mtedza.
Bambo wake ali pageti, maso pafoni,
nkhope ili buluu ngati nayenso wavala chigoba.

Njira ya simenti ilipo, ndinaisesa masana,
koma onse akudulira pa kapinga,
kupondaponda pomwe Marlys anakwirira anyezi a maluwa
mwezi womaliza uja asanagone chigonere.
Ndatsegula pakamwa kuti ndikalipe,
mwatuluka nthunzi basi.

Mayi Halvorsen aima pampanda, manja m'khwapa,
akuwerenga galimoto zochokera kutsidya kwa mlatho.
"Arvid, awatu si ana a kuno."
Ndati switi sadziwa adiresi.
Sanaseke. Mwina mawa sandipatsa moni.

Naini koloko yapitirira, maondo akulira,
ndazimitsa getsi, ndavula nsapato,
ndathira madzi m'ketulo.

Go! Go! Go!

Pagalasi la chitseko ndaona chimnyamata chachitali,
ndevu zayamba kumera, chopanda chigoba,
chanyamula thumba la pilo.
Mawu ndinali nditawakonza kale pa lilime:
wakula iwe, kapeze ganyu,
ndipo kodi mdimawu sukuuona?
Ndatsegula.

Kuseri kwa miyendo yake kwasuzumira kamzukwa
ka nsalu ya pabedi yamaluwamaluwa,
mabowo a maso odulidwa mokhota,
limodzi pamphumi, lina pa tsaya.

"Pepani bambo," chatero chimnyamata, mawu akuthyokathyoka,
"taona kuti mwazimitsa.
Koma kandulo ya m'dzungu lanu ikadayaka,
ndiye Maizie anati mwina.
Amayi aweruka mochedwa, basi inatisiya."

Ndayang'ana dzungu.
Zoona, likumwetulirabe ndi mano ake atatu
omwe ndinasema ndi mpeni wobuntha.
Ndinaiwala kuliuzira.

M'mbale mwatsala zinayi.
Ziwiri kwa kamzukwa,
ziwiri ndaponya m'thumba la pilo lija
mwini wake akukana ndi mutu.
Pansi pa nsalu patuluka zikomo wochepa ngati nandolo.

Atsika masitepe, mkulu wagwira mng'ono paphewa,
wamukhotetsa kuti asaponde dothi,
ayenda pa simenti mpaka kumsewu.
Nyumba zonse kutsogolo kwawo zili bii.

Ketulo ikulira kukhitchini.
Ine ndaimabe pakhomo ndi masokosi okha,
ndikukumbuka kuti m'kabati, kuseri kwa ufa,
muli chokoleti chachikulu chomwe ndinadzibisira.
Ndayatsanso getsi,
ndaitana, koma mphepo yameza mawu,
ndiye ndikufunafuna nsapato inzake
pansi pa mpando.